Minda ya zomera yoyenera ulendo: mwezi wake, geti lake ndi choti ukaone

Mphukira_265
Moni nonse a pagulu. Funso langa ndi la minda ikuluikulu ya maluwa ndi zomera imene anthu amaloledwa kulowa. Mindandanda imene imazungulira pa intaneti imangotchula mayina: Kew, Keukenhof, Kirstenbosch, Singapore, basi. Sinena mwezi woti munthu apite, sinena maola amene akufunika, sinenanso choti maso akafikirepo ukalowa. Mapeto ake anthu amawononga ndalama ya ulendo n'kukapeza geti lotseka kapena maluwa atayoyoka kale. Inu odziwa, tchulani munda umodzi kapena iwiri imene mumaiika patsogolo, koma munene chifukwa chake, nyengo yake ndi zimene zimasokoneza ulendo. Zongoti "ndi kokongola kwabasi" ayi, zimenezo tonse tikuzidziwa.

Sapitwa3002
Ndiyambe ndi Kirstenbosch ku Cape Town, chifukwa ndi umene ambiri a ife tingaufikire popanda kuvutika ndi viza ya ku Ulaya. Unakhazikitsidwa mu 1913 motsogozedwa ndi Harold Pearson, m'munsi mwa Table Mountain chakum'mawa, ndipo cholinga chake chinali chachilendo pa nthawiyo: kudzala zomera za m'dziko momwemo, osati zotenga kunja. Malo onse ndi mahekitala 528 koma olimidwa ndi 36 okha. Kwinako ndi tchire lachilengedwe lokwera phiri.

Nyengo yake ndi Ogasiti mpaka Okutobala. Kumbukirani kuti ku Cape Town mvula imagwa m'miyezi yozizira, mosemphana ndi kwathu. Mvulayo ikamatha ndi pamene ma daisy, ma pincushion ndi ma protea ambiri amakhala ali pachimake, mbalame zoyamwa timadzi ta maluwa zili ponseponse. Wopita mu Febuluwale akapeza kapinga wabwino ndi mthunzi, koma mabedi ambiri atapuma.

Mundawu ndi wa chitunda. Ma protea ali kumtunda kwenikweni, ndiye yambani ndi kukwera m'mawa dzuwa lisanatenthe, muzitsika masana. Ambiri mphamvu zimawathera kumunsi, pa kapinga ndi pa malo odyera, n'kubwerera osaona chimene mundawo umatchuka nacho. Maola anayi ndiye ochepetsetsa.

Joni_Bho
Mwaiwala Boomslang, akulu. Anthu ambiri amapitira mlatho umenewo.

Sapitwa3002
Sindinauiwale, a Joni_Bho. Ndi mlatho wa zitsulo ndi matabwa wotalika mamita 130, wokhotakhota pamwamba pa mitengo, anautsegula mu 2014. Ndi wabwino ndithu koma mphindi 15 zakwana. Nthawi yotsalayo ipite ku kachigwa kotchedwa Dell ndi pamwamba pake pomwe pali ma cycad, zomera zooneka ngati kanjedza wamfupi koma zosachita maluwa. Kumeneko ndi kumene kudzala kunayambira, ndipo manda a Pearson ali chapafupi.

Chenjezo limodzi: njira ya Skeleton Gorge imayambira m'mundamo koma si kuyenda kwa m'munda ayi. Ndi kukwera phiri kwenikweni. Muli makwerero, muli miyala yoterera kukagwa mvula, ndipo mtambo ukaphimba phiri njira imasowa. Wovala masilipasi kapena wopanda madzi akumwa asaiyambe.

NaPhiri_Leeds
Kwa amene muli ku UK kapena mukudutsa ku London, Kew ndiye woyamba. Mundawu unayamba mu 1759 ndipo UNESCO inaulemba m'kaundula wa malo ofunika padziko lonse mu 2003. Ndi mahekitala oposa 120, choncho woganiza zouzungulira wonse tsiku limodzi amangotopa, miyendo kuwawa, osaona kanthu bwinobwino. Sankhani zinthu zitatu kapena zinayi.

Kwerani sitima ya District Line, mutsike pa Kew Gardens, muyende pang'ono kufika pa Victoria Gate. Onetsetsani kuti sitimayo yalembedwa Richmond, chifukwa njanjiyi ili ndi nthambi zingapo ndipo ya ku Ealing kapena ya ku Wimbledon sidutsa pamenepo. Mukalowa, Palm House ili pafupi pomwepo. Inamangidwa pakati pa 1844 ndi 1848, yachitsulo ndi magalasi, ndipo omanga ake anabwereka luso la okhoma sitima zapamadzi. M'katimo muli cycad wa ku Eastern Cape amene Francis Masson anafika naye mu 1775. Mpaka lero ali m'chiphika chachikulu, thunthu lake atalichirikiza ndi zitsulo poti linapendekeka ndi kulemera. Kwerani masitepe ozungulira mukaone mitengo kuchokera pamwamba, koma vulani jekete muli pansi, chifukwa kutentha konse kumaunjikana kudenga.

Kenako pitani ku Temperate House, imene anaitsegulanso mu 2018 atatha zaka zisanu akuikonza. Kulakwitsa kumene anthu amachita ndi kusiyira nyumba zagalasi kumapeto. Zimatsekedwa msanga kuposa mageti, ndipo m'nyengo yachisanu mundawo umatseka masana kukadali kowala. Yambani ndi nyumbazo, za panja zibwere pambuyo.

Mkungudza_W
Amayi NaPhiri, Kew ndi wamkulu inde, koma tikiti yake imalemera banja likakhala la anthu asanu. Ku Royal Botanic Garden Edinburgh kulowa m'munda ndi kwaulere, ndipo ndi wakale kuposa Kew: unayamba mu 1670 ngati dimba la zitsamba zamankhwala. Mu Epulo ndi Meyi ma rhododendron ake amachita maluwa mpaka mtengo osaoneka masamba, ndipo dimba lake la zomera za m'miyala ndi limodzi mwa abwino kwambiri ku Ulaya. Ife tilinso nawo ubale. Khofi amene anafika ku mishoni ya Blantyre mu 1878, atanyamulidwa ndi wolima dimba Jonathan Duncan, anachokera m'munda umenewu.

NaPhiri_Leeds
Za ulere sindikutsutsa. Koma za ubale, Kew sachepa. Mabuku a Flora Zambesiaca, amene amafotokoza zomera za Malawi, Zambia, Mozambique, Zimbabwe ndi Botswana mtundu ndi mtundu, Kew ndi m'modzi mwa eni ntchitoyo, ndipo buku loyamba linatuluka mu 1960. Pa za ndalama: gulani tikiti pa intaneti tsiku lisanafike, imatsikirapo, ndipo nyamulani kamba wanu. Amalola kudyera pa kapinga.

Duwa_la_Dzinja
Palibe amene watchula Keukenhof? Anyezi a maluwa 7 miliyoni amadzalidwa chaka chilichonse pa mahekitala 32. Munda wina uti ungafike pamenepo?

Mkungudza_W
Keukenhof si munda wa zomera, ndi chionetsero cha alimi a maluwa.

Duwa_la_Dzinja
Funso linati minda ya maluwa ndi zomera imene anthu amaloledwa kulowa. Werenganinso, achimwene.

Mlangizi_Wopuma
Nonse awiri muli ndi mfundo, koma kusiyanako n'kofunika kwa wokonza ulendo, ndiye tikufotokoze. Munda wa zomera weniweni, umene ku Zomba timangoti ku Botaniki, umasunga zomera zolembedwa m'kaundula: chomera chilichonse chimadziwika dzina, kumene chinatengedwa ndi chaka chimene chinafika. Umakhala wotsegula chaka chonse chifukwa ntchito yake ndi kusunga ndi kufufuza. Munda wachionetsero ntchito yake ndi kusangalatsa maso pa nyengo imodzi.

Keukenhof, ku Lisse m'dziko la Netherlands, ndi wa gulu lachiwirili, ndipo pa gulu limenelo ulibe mnzake. Umatsegulidwa pafupifupi masabata asanu ndi atatu okha, kuyambira chakumapeto kwa Malichi mpaka pakati pa Meyi. Miyezi ina yonse geti ndi lotseka. Anyezi aja amadzalidwa ndi manja kuyambira mu Okutobala, mosanjikiza m'dzenje limodzi: ma tulip ochedwa pansi penipeni, ofulumira pakati, ma crocus pamwamba. Amatero kuti bedi limodzi lizingochita maluwa mosinthana mpaka tsiku lotseka. Nyengo ikatha amakumba zonse, chaka chamawa n'kuyambanso.

Wofuna ma tulip enieni alinge pakati pa Epulo. Wopita sabata yoyamba akapeza ma crocus ndi ma daffodil, ma tulip akawaonera m'nyumba zachionetsero zokha. Wopita mu Meyi akapeza m'mundamo mudakali bwino, koma minda ya alimi yozungulira, ija ya mizere yamitundumitundu imene mumaiona pa zithunzi, itadulidwa kale mitu. Alimi amadula maluwawo chakumapeto kwa Epulo kuti chakudya chonse chipite ku anyezi, poti malonda awo ndi anyeziwo. Ndipo minda imeneyo ndi ya eni ake, si ya Keukenhof. Kulowamo kukajambula kumaponda mbewu ndi kufalitsa matenda ndi nsapato.

Mphukira_265
Zikomo bambo Mlangizi. Mwati chomera chilichonse chimalembedwa m'kaundula. Mlendo wamba angazione bwanji zimenezo?

Mlangizi_Wopuma
Pa kachikwangwani kamene kamakhala patsinde. Kawirikawiri pamalembedwa zinthu zinayi. Dzina la banja, lothera ndi zilembo aceae. Dzina la sayansi la mawu awiri, loyamba ndi la fuko, lachiwiri la mtundu. Dziko kapena chigawo chimene chomeracho chimamera chokha. Ndiye pakona pamakhala nambala, ndipo m'minda yambiri manambala anayi oyambirira ndi chaka chimene chomeracho chinalowa m'kaundula. Jambulani chikwangwanicho musanajambule duwa. Mukafika kunyumba ndi zithunzi 300 zopanda mayina, simudziwanso chimene munaona.

Achisale_Blantyre
Ine funso langa ndi lapambali. Anyezi a tulip amagulitsa pa geti la Keukenhof pomwepo. Munthu atagula, angamere ku Blantyre kapena ku Dedza?

Mlangizi_Wopuma
Kumera angamere kamodzi, koma pali zinthu ziwiri. Choyamba, tulip amafuna kuzizira kwa masabata 12 mpaka 16, kosapitirira madigiri 9, kuti duwa lipangike bwino m'kati mwa anyezi. Ngakhale ku Dedza nthaka siizizira motero kwa nthawi yaitali choncho. Ndiye pamafunika kuwasunga mufiriji, m'thumba la pepala, osati mufiriza, ndiponso kutali ndi maapozi kapena nthochi zakupsa, chifukwa mpweya umene zipatso zimatulutsa umapha duwa lisanatuluke. Podzala, dzenje likhale lakuya katatu kutalika kwa anyeziyo, nsonga kumwamba, m'dothi losasunga madzi. Chaka chachiwiri nthawi zambiri mumangopeza masamba.

Chachiwiri ndicho chachikulu: anyezi, mbewu, mbande kapena nthambi siziwoloka malire popanda chilolezo cha ku unduna wa zaulimi ndi satifiketi yotsimikiza kuti zilibe matenda, yochokera kudziko kumene mwazigula. Chilolezocho chimatengedwa musananyamuke, osati mutafika pa bwalo la ndege.

Joni_Bho
Kambewu kamodzi m'thumba la malaya kangawononge chiyani, bambo?

Nsungwi_ya_Shire
Pitani ku Liwonde mukaone namasupuni. Kwawo ndi ku South America, ndipo anafalikira maiko otentha chifukwa anthu ankamutenga ngati duwa lokongoletsa maiwe. Lero amatseka mtsinje, amakola maukonde, amavutitsa makina opangira magetsi pa Shire. Lantana nayenso anabwera ngati duwa la mpanda. Ndipo chisaka chimene chinatha nthochi ku Thyolo ndi ku Mulanje chimayenda ndi ana a nthochi amene anthu amapatsana, kenako nsabwe za zomera n'kumaliza ntchito. Chinthu chooneka chabwinobwino m'manja chimatha kukhala ndi kachilombo kosaoneka.

Sapitwa3002
Ndiwonjezere kuti kuthyola nthambi kapena kutola njere m'munda wa zomera n'koletsedwa, ngakhale zagwa pansi. Ma cycad, ma orchid ndi ma aloe ambiri alinso pansi pa CITES, pangano la maiko loyang'anira malonda a zomera ndi nyama zimene zili pangozi yotheratu, ndiye kugwidwa nazo pa malire ndi mlandu waukulu. Si nkhani yamasewera: mu 2014 mbava zinakumba ma cycad 24 ku Kirstenbosch, ambiri mwa iwo a mtundu wa Encephalartos latifrons umene watsala pang'ono kutheratu kutchire. Zomera zimenezi zimakula pang'onopang'ono zedi, moti chimene chakumbidwa usiku umodzi chimatenga zaka makumimakumi kuti chibwerere.

Gogo_Mlambe
Kuba zomera sikunayambe lero. Munda wa ku Padua ku Italy, wa mu 1545, umene ndi wakale kuposa minda yonse ya mayunivesite imene idakali pamalo pomwe inayambira, anaumangira mpanda wozungulira patangopita zaka zochepa chifukwa anthu ankaba zitsamba zamankhwala usiku. Mpandawo ulipo mpaka lero. Mundawo ndi waung'ono, maola awiri akwana, ndipo uli pafupi ndi bwalo lalikulu la Prato della Valle, ulendo wa sitima wosakwana ola kuchokera ku Venice. Mulinso kanjedza wodzalidwa mu 1585 amene anamumangira kanyumba kake kagalasi.

Mkungudza_W
Popeza tafika pa ma cycad, wopita ku Durban asaphonye Durban Botanic Gardens, wa mu 1849, umodzi mwa minda ya zomera yakale kwambiri imene idakalipo mu Africa. Kulowa ndi kwaulere. Chimene mukafunefune ndi Encephalartos woodii. John Medley Wood anapeza chitsa chimodzi chokha cha mtunduwu mu 1895 m'nkhalango ya oNgoye, ndipo chinali chachimuna. Ma cycad amakhala aamuna ndi aakazi padera, ndipo wamkazi wa mtundu umenewu sanapezekepo. Onse amene ali m'minda ya padziko, kuphatikiza wa mu Temperate House ku Kew, ndi mphukira zothyoledwa ku chitsa chomwecho. Sangabereke njere. Amene ali ku Durban ndi mathunthu enieni ochokera kunkhalango kuja.

NaPhiri_Leeds
Apa ndiye mwandigwira mtima, a Mkungudza. Anthu amamudutsa osaima chifukwa alibe duwa.

Zomba_Kwathu
Tayendayenda maiko a eni, koma Botaniki ya ku Zomba palibe waitchula. Unayamba mu 1891 ndi Alexander Whyte, katswiri wa zomera wa boma la atsamunda, ngati malo oyesera mbewu zobwera. Mkungudza wa ku Mulanje, mtengo wa fuko lathu, dzina lake la sayansi ndi Widdringtonia whytei, kutengera munthu yemweyo. Mtsinje wa Mulunguzi umadutsa m'mundamo, muli nsungwi zikuluzikulu, mitengo yakalekale ndi mthunzi wozizira ngakhale mu Okutobala. Umayang'aniridwa ndi National Herbarium and Botanic Gardens of Malawi, amene alinso ndi minda ku Lilongwe ndi ku Mzuzu. Nthawi ya dzinja miyala ya m'mbali mwa mtsinje imaterera ndipo madzi amadzadza mwadzidzidzi kukagwa mvula kuphiri ngakhale m'tauni muli dzuwa. Ana asasewere m'madzimo nyengo imeneyo.

Duwa_la_Dzinja
Zomba ndi kwathu, tikuikonda, koma simungaiike pa mzere umodzi ndi Kew.

Zomba_Kwathu
Sindinaiike pa mzere umodzi, achemwali. Ndikuti wophunzira kuwerenga zikwangwani ndi kuzindikira mabanja a zomera ku Zomba, akafika ku Kew amaona zambiri kuposa amene akuyambira komweko.

Mphukira_265
Tibwerere ku funso, abale. Ku Asia kulibe amene akudziwako?

Chiperoni_SG
Ku Singapore kuli malo awiri amene anthu amawasokoneza. Singapore Botanic Gardens ndi wa mu 1859, UNESCO inaulemba mu 2015, ndipo ndi mahekitala 82. Gardens by the Bay ndi wa mu 2012, uja wa mitengo yazitsulo yotalika mamita 25 mpaka 50 ndi nyumba ziwiri zagalasi zoziziritsidwa. Wachiwiriyu ndi wopita madzulo kukaona magetsi ndi mathithi a m'nyumba a mamita 35. Wofuna zomera apite ku woyambayo.

Geti limatsegulidwa 5 koloko m'mawa mpaka pakati pa usiku, kulowa kwaulere. Malo olipira ndi National Orchid Garden yokha, imene imatsegulidwa 8:30 m'mawa, ndipo ili ndi mitundu yoposa 1,000 ya ma orchid achilengedwe ndi yoposa 2,000 yokwatitsa. Kumeneko kulibe nyengo yoti mudikire, kumatentha ndi chinyezi chaka chonse. Chofunika ndi ola. Fikani 7 koloko, muyende panja kusanatenthe, mulowe ku ma orchid akangotsegula, mutuluke isanakwane 12, chifukwa masana kumakonda kugwa mvula yamabingu.

Samalani ndi geti. Mundawu ndi wautali ndi wopapatiza. Siteshoni ya sitima yotchedwa Botanic Gardens ili kumapeto a kumpoto, kutali ndi ma orchid, ndipo m'kutentha kumeneko mtundawo umamveka. Siteshoni ya Napier ili ku Tanglin Gate, mbali yakale ya mundawo, ndipo wokwera takisi anene Nassim Gate kapena Tyersall.

Mbiri yake ikukhudza aliyense amene anaonapo mitengo ya labala ku Nkhata Bay. Mu 1876 Henry Wickham anatenga njere 70,000 za labala ku Brazil kupita nazo ku Kew, ndipo mbande 22 zinafika ku Singapore mu 1877. Henry Ridley, amene anakhala mkulu wa mundawo kuyambira mu 1888, ndiye anakonza njira yosenda khungwa mopyapyala, mopendekera, kuti utomoni uzituluka zaka zambiri mtengo osafa. Kale ankautema mozama mpaka kuupha.

Ba_Chipata
Ma orchid amenewa si omwe timadya mu chikanda kuno ku Zambia?

Mlangizi_Wopuma
Banja ndi limodzi, mitundu ndi yosiyana. A ku Singapore ambiri amamera pa mitengo, mizu ili panja. A chikanda, chimene ku Malawi ena amati chinaka, amamera m'nthaka ya m'madambo ndi m'mapiri ndipo amakhala ndi timbatata pansi: Disa, Satyrium, Habenaria. Vuto lake n'lakuti wokumba amachotsa kambatata konse, ndiye chomeracho chatha. Wofuna kuwaona ali ndi maluwa apite ku Nyika nthawi ya mvula, Januwale ndi Febuluwale, kumene kuli mitundu pafupifupi 200. Galimoto ikhale yamphamvu, msewu wa nyengo imeneyo ndi wovuta.

Joni_Bho
Kwa anzanga a ku Joni amene Cape Town ikutalikirani: Walter Sisulu National Botanical Garden ku Roodepoort. Kuli mathithi a Witpoortjie, ndipo pathanthwe la pambali pake pamakhala ziwombankhanga zakuda zimene zimamanga chisa pamenepo chaka ndi chaka. Zimaswa m'miyezi yozizira, nthawi yomwenso ma aloe amachita maluwa, ndiye Juni ndi Julayi mumapeza zonse ziwiri. Tengani mabainokyula, chisacho chili pamwamba kwambiri. Loweruka ndi Lamlungu kapinga amadzadza ndi mabanja, wofuna bata apite pakati pa sabata.

MaiTembo_Harare
Pa ma aloe, Ewanrigg ndiye mwini wake, makilomita pafupifupi 40 kuchokera mu Harare kulowera njira ya ku Shamva. Nyengo ndi yomweyo, kuyambira chakumapeto kwa Meyi mpaka Julayi, phiri lonse limafiira ndipo mbalame za timadzi zimachuluka. Wopita mu Disembala akapeza masamba aminga okhaokha n'kumadabwa kuti anthu amatamanda chiyani.

Kamera_Mmanja
Funso kwa odziwa nyumba zagalasi. Chifukwa chiyani zithunzi za m'katimo zimatuluka zachifunga, ndipo kupukuta galasi la kamera sikuthandiza?

Chiperoni_SG
Kamera imakhala yozizira, mpweya wa m'nyumbamo ndi wotentha ndi wachinyezi, ndiye madzi amakhala pa galasi. Mukapukuta amabwereranso, chifukwa galasilo likadali lozizira. Isiyeni m'chikwama chotseka mphindi 15 kapena 20 mutalowa, ifunde pang'onopang'ono. Musachotse lenzi muli m'katimo, chinyezi chikalowa m'kati mwa kamera chimachedwa kuuma ndipo chimabala nkhungu. Foni isungeni m'thumba la pafupi ndi thupi musanalowe. Ku Singapore zimachitika mosemphana: mumatuluka m'hotela kapena m'sitima yozizira n'kulowa m'kutentha kwa panja, vuto ndi lomwelo.

Nsungwi_ya_Shire
Ine chimene ndingalimbikitse munthu wa ku Lower Shire, amene amadziwa nyika za m'dambo la Ndindi, ndi kukaona achibale ake a nyikazo, maluwa a pamadzi otchedwa Victoria. Tsamba limodzi limatha kufika mamita awiri kapena kuposa m'mimba mwake, m'mphepete mopindikira m'mwamba ngati lichero, kunsi kwake kuli mitsempha yokhuthala yosunga mpweya ndi minga yakuthwa. Duwa limatseguka madzulo lili loyera, limafunda ndi kununkhira kuitana tizikumbu, m'mawa limatseka tizikumbuto tili m'kati, ndipo usiku wachiwiri limatsegukanso litasanduka lofiirira. Ndiye wofika masana amaona duwa lotseka kapena lotseguka pang'ono, si kuti lafota.

Ku Kew amazidzala kuchokera ku njere chaka chilichonse, choncho masamba amakula mokwanira mu Julayi ndi Ogasiti, ndipo Waterlily House imatsekedwa m'nyengo yachisanu. Ku Pamplemousses ku Mauritius zili panja, m'dziwe lalitali lamakona anayi. Munda umenewo anaukulitsa ndi Pierre Poivre m'zaka za m'ma 1770, ndipo ulinso ndi kanjedza wa talipot, amene amakhala zaka makumi angapo osachita maluwa, kenako amachita kamodzi n'kufa. Pewani Januwale mpaka Malichi, ndi nyengo ya anamondwe.

Gogo_Mlambe
Wina ku Australia aliko? Ku Kings Park mu mzinda wa Perth kuli mlambe umene unayenda ulendo wa makilomita 3,200 pa lole mu 2008. Unali panjira ya msewu umene ankamanga kuchigawo cha Kimberley, ndiye anthu a mtundu wa Gija anaupereka, ndipo umatchedwa Gija Jumulu. Zaka zake amati ndi pafupifupi 750, kulemera matani 36. Unapulumuka chifukwa mlambe umasunga madzi m'thunthu, ndipo anausamutsa nthawi imene unali utayoyola masamba. Ndi mtundu wa komweko, Adansonia gregorii, wosiyana ndi wathu wa ku Mangochi, koma mukangouona mumauzindikira. Kulowa ndi kwaulere, ndipo mwezi wake ndi Seputembala, pamene maluwa akutchire a ku Western Australia amakhala atayamba.

Achisale_Blantyre
Nanga duwa lija lonunkha ngati nyama yowola, munthu angalikonzere ulendo?

NaPhiri_Leeds
Ayi, limenelo silikonzeredwa ulendo wakutali. Ndi titan arum wa ku Sumatra. Chimbatata chake chimatenga zaka chikusonkhanitsa chakudya, chikutulutsa tsamba limodzi lalikulu looneka ngati kamtengo, ndipo ngakhale osamalira mundawo amadziwa kuti chimene chikutuluka ndi duwa patatsala masabata ochepa. Likatseguka limakhala tsiku limodzi kapena awiri, fungo lamphamvu ndi la usiku woyamba. Ku Kew linachita maluwa koyamba mu 1889, ndipo masiku ano minda yambiri ili nalo, Edinburgh ndi Bogor ku Indonesia kuphatikizapo. Ngati mumakhala pafupi ndi munda umene uli nalo, tsatirani tsamba lawo la Facebook kapena Instagram. Akalengeza kuti latseguka, pitani madzulo a tsiku lomwelo, chifukwa minda ina imawonjezera maola otsegulira usiku umenewo, ndipo konzekerani kuima pa mzere.